Chisanu Chimene Amalume Anathamanga pa Boma

Kamtengoko kanali ka nsungwi, kotalika ngati kuchokera pachigongono kukafika kunsonga ya chala, kopakidwa penti wobiriwira amene anatsala atapaka chitseko cha tchalitchi chathu ku Nazombe. Mbali imodzi kanali kong'aluka pang'ono, moti ukakagwira mothina kankakutsina pachikhatho. Kankanunkha utsi, chifukwa amalume ankakasomeka kudenga la khitchini, pafupi ndi ngala za mapira zimene amayi ankasungira mbewu. Aphunzitsi a masewera athu ananena poyamba kuti kamtengo kopatsirana pothamangako nka sukulu ndipo kazigona kusukulu, koma posakhalitsa anagonja. M'nyengo yonse yachisanu ija kankagona kwathu.

Amalume anali chitsirizira cha agogo, mlongo yekhayo wa amayi. Pa nthawi imene ndikunenayi ine ndinali mu sitandade 5, iwo ndevu zinali zitamera kale, koma zinthu ankazigwira mochedwa. Sukulu anaiyamba, nakhala zaka zingapo m'kalasi yoyamba, kenako anangosiya. Masiku ano timati ulumali wa mu ubongo. Pamudzi pathu anthu ankangoti mutu wawo sunakhwime, ndipo ena ankanena mawu oipa kuposa amenewa, amene sindikufuna kuwalemba pano. Agogo atamwalira, amayi ndiwo anawatenga. Bambo anga ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Mulanje, ankangobwera mwa apo ndi apo, choncho pakhomo tinkakhala atatu.

Pa mwambo wathu amalume ndiwo akanakhala mwini mbumba. Palibe amene ankawafunsa maganizo pa nkhani ya maliro kapena ya ukwati, komabe mawuwo anawamva penapake nawakonda. Ine sankanditchula dzina. Ankangoti "mbumba yanga", ndipo akatola bwemba kapena mango oyamba kupsa, ankandisungira m'thumba la kabudula mpaka zitafewa.

Chimene ankachidziwa kuposa aliyense chinali kuthamanga. Kumjigo ankapita chothamanga, kukabweza mbuzi chothamanga, kugolosale chothamanga, mapazi ali pha pha pha panjira youma, opanda nsapato. Kugolosale kumeneko nkumene kunabadwira lamulo la amayi. Anyamata ongokhala pamseu ankawanyengerera kuti awagwirireko sopo kapena shuga, basi osabwezanso, amalume nkufika kunyumba chimanjamanja akulira. Ndiye amayi anawaphunzitsa mawu amene ankawabwereza pakhomo nthawi iliyonse akamatumidwa: "Chimene wapatsidwa m'manja usapatse munthu panjira. Ubwere nacho kunyumba." Lamulolo linakhazikika kolimba. Tsiku lina mkulu wa mpingo anawapempha kuti angoona lumo limene anagula, koma anachita kuwatsatira mpaka kwathu kuti alione.

Aphunzitsi anabwera titangomaliza kukolola chimanga, nandolo akuyamba maluwa. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankaphunzitsa ana ogwira zinthu mochedwa m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya sukulu yathu. Anatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa papaya, nakhala pamphasa osadikira mpando. Anati anaona amalume akupikisana ndi wakabaza pamseu wa ku Migowi, ndipo wakabazayo ndiye anatopa. Anafotokoza kuti Loweruka lililonse pabwalo la sukulu pakhala masewera a anthu onga amalume, ana ndi akulu omwe, ndipo azisewera pamodzi ndi anzawo ena, osati paokha. Aliyense azibwera ndi wina wakwawo woti azisewera naye. Chisanu chikamatha kukakhala mpikisano pa Boma.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, manja akutonola chimanga. Kenako anangoti, "Mlongo wanga si wa chionetsero."

Aphunzitsi sanatsutse. Anatenga chisononkho nayamba kutonola nawo, akucheza za mtengo wa nandolo ndi za chimfine chimene chinavuta chaka chimenecho. Anabweranso sabata yotsatira, nabweranso ina. Pamapeto pake amayi anati chabwino, apite ndi mwanayu, koma iwo phazi lawo silikapondako.

Ine ndinasangalala chifukwa Loweruka linali tsiku lozira nyumba ndi kuchapa, ndipo tsopano ndinapeza pothawira. Ndinkadziwanso kuti mwa atsikana a m'kalasi mwathu panalibe wondiposa liwiro. Zoti ndikupita kukathandiza munthu sizinabwere nkomwe m'mutu mwanga, ndipo ndikaganiza lero ndimaona kuti zinali bwino choncho. Ndakhala ndikuona anthu akubwera ku masewera otere ndi nkhope zachisoni ngati abwera kudzazonda wodwala, ndipo sachedwa kusiya. Okhalitsa ndi amene amabwera kudzasewera.

Mmawa wa Loweruka kunkazizira mpaka mano kuguguda. Phiri la Michesi linkabisala m'mitambo, kamvula ka chiperoni kali waa, udzu wa pabwalo ukunyowetsa miyendo. Mizere tinkaijambula ndi phulusa limene aliyense ankabweretsa m'chitini kuchokera kwawo. Ndimakumbukira fungo lake likanyowa, ndi mmene linkatuwitsira zala. Panali mtsikana wina wa nkhope yozungulira ndi maso aang'ono, amene ankakumbatira aliyense wofika, ngakhale wochedwa. Panali mnyamata wosayankhula amene ankaima pagolo, ndipo mpira sunkamudutsa wamba. Panali bambo wina wa imvi amene ankangofuna kuliza wezulo, moti aphunzitsi anawapatsa udindo umenewo, ngakhale nthawi zina ankaliza pakati pa mpikisano tonse nkuima. Tikaima choncho, aphunzitsi ankaseka mpaka kugwira m'mawondo, nkunena kuti tiyambirenso.

Mawu awo amene sindiwaiwala ndi akuti, "Pano palibe woonerera." Ngakhale amayi operekeza ana ankawadzutsa pamene akhala kuti aponyeko mpira. Tinkagubuduza mipira yolemera kuti iyandikire kampira kakang'ono, tinkalumpha, tinkamenya mpira wamiyendo wosakaniza amuna ndi akazi. Ana a sukulu amene poyamba ankabwera kudzasuzumira kuseri kwa zimbudzi anayamba kulowa mmodzimmodzi. Popeza ankandimva ine ndikuitana kuti amalume, onse anatengera pomwepo. Bwalo lonse, mpaka aphunzitsi, linkawatchula kuti amalume, ndipo iwo ankavomera ndi chifuwa chotukumuka.

Mpikisano wopatsirana kamtengo ndi umene aphunzitsi ankaudalira pa Boma. Anatisankha anayi. Mtsikana wa nkhope yozungulira uja ayambe, apatse mnyamata wina wa sitandade 7, iyeyo apatse amalume, amalume apatse ine womaliza. Anatifotokozera bwinobwino, natiimika aliyense pamalo pake.

Ulendo woyamba zonse zinayenda bwino mpaka kamtengo kanafika m'manja mwa amalume. Anabwera ngati mphepo. Ine ndinatambasula dzanja kumbuyo monga anatiphunzitsira, ndikumva mapazi akuyandikira. Anandidutsa. Anadutsa golo, nalumpha ngalande, nalowa m'munda wa chinangwa wa ahedi, mutu wokha ukuoneka pamwamba pa masamba, mpaka anazimiririka. Bambo a wezulo aja analiza, tonse nkugwa nacho chiseko.

Ndinawapeza kunyumba atagwada, akupereka kamtengo kwa amayi ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Amayi atamva nkhani yonse anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ikutuluka. Koma atapukuta m'maso anati, "Si izi ndinkanena?"

Masabata otsatira aphunzitsi anayesa nzeru zonse. Anandipatsa nthochi kuti ndisinthanitse ndi kamtengo. Amalume analandira nthochi ndi dzanja lamanzere, kamtengo kali gwa kudzanja lamanja. Anayesa kuwaika komaliza kuti asapatse munthu, koma pamzere womalizira sankaima, ulendo unali wa kunyumba basi. Apa ndi pamene nkhope ya aphunzitsi inasintha. Anandiitanira pambali nandiuza kuti pa Boma bwalo lili pafupi ndi mseu wa maminibasi, ndipo kwathu nkutali. Munthu wothamanga osaima sangapite naye kumeneko. Ngati zinthu sizisintha, amalume atsala.

Usiku sindinkaganiza za izo, ndinali mwana ndipo tulo tinkandipeza msanga, koma masana zinkandiwawa. Amalume anali asanapitepo kupyola pa Migowi. Anali atauza kale aliyense kuti akupita pa Boma: amayi a pamjigo, wogulitsa makala, ngakhale mbuzi zathu akamazitsekera. Ankachapa okha kabudula wawo madzulo alionse kukonzekera.

Tsiku lina aphunzitsi anandifunsa kuti kodi amalume amang'ung'udza chiyani akamathamanga, pakuti milomo yawo sinkakhala chete. Ndinawauza kuti ndi lamulo la amayi lija, ndipo ndinalinena lonse. Aphunzitsi anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. Anati ndiye kuti amalume sakulakwitsa kanthu, akungomvera, ndipo mfundo imeneyi angaimasule ndi amene anaimanga.

Ndinawachonderera amayi pophika, potunga madzi, popita kutchalitchi. Ndinawapempha kuti angowauza amalume pakhomo pomwepo, ndipo anayesadi, koma mawu onenedwa pakhomo sankafika pabwalo. Kumeneko kamtengo kakangolowa m'manja, lamulo lakale ndilo linkadzuka. Pankafunika amayi eniake aime pamzere. Iwo ankangoti ali ndi ntchito. Chifukwa chenicheni ndinadzachimva ndili wamkulu. Kalekale pa ukwati wina, amuna oledzera anawaika amalume pakati pa bwalo kuti avine, akuwaponyera makoko a mtedza, khamu likuseka. Amayi anachita kulowa pakati kukawakoka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankafuna kuimanso pagulu loyang'ana mlongo wawo.

Loweruka lina, titayamba kale masewera, ndinaona munthu ataima patali pansi pa mabulugama, dengu lili pamutu. Ndinazindikira chitenje cha amayi. Mmawa umenewo anali atanena kuti akukafuna therere, ngakhale therere la chisanu silipezeka kumbali ya sukulu. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anaona amalume akugoletsa chigoli, ana akuwakwera pamsana. Anaona akugwa m'matope, anthu akuseka, iwonso akuseka kuposa onse, mnyamata wosayankhula uja akuwadzutsa ndi kuwasasa. Amayi ena amene anakhala paudzu akusenda chinangwa anawakodola kuti abwere, ndipo mmodzi anasendera kuwapatsa malo.

Nthawi ya kamtengo itakwana, amayi anatula dengu. Anayenda kudutsa mizere yathu ya phulusa osaiponda, nadzaima pambali panga. Amalume atabwera ndi liwiro lawo lija anaona achemwali awo ndipo anaima okha, akudabwa. Amayi anawagwira pamkono, nayankhula motsitsa, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe monga ankachitira nkhani ikakhala ya m'nyumba.

"Uyu ndani?"

"Mbumba yanga."

"Ukampatsa ameneyu, wafikitsa kunyumba. Wamva? Kunyumba ndi iyeyu."

Amalume anayang'ana ine, nayang'ana kamtengo, nayang'ananso amayi. Kenako anakapukuta pamalaya, napinda mawondo pang'ono, nandipatsa ndi manja awiri. Kanali kofunda ndi konyowa. Ine ndinaiwala kuthamanga, mpaka aphunzitsi anachita kundikuwira.

Tinabwereza tsiku limenelo mpaka dzuwa linatswa mitambo. Amayi sanapitenso kukafuna therere. Loweruka lotsatira anabwera ndi chitini chawo cha phulusa.

Tsiku la pa Boma tinakwera lole imene inabwera kudzatitenga pasukulu. Tinakhala pamatumba opanda kanthu, titafunda zitenje, fumbi likutilowa m'mano. Amayi a mtsikana wa nkhope yozungulira uja anayambitsa nyimbo, ndipo sinathe mpaka tinafika. Amalume anagwira chitsulo cha lole ndi manja onse, maso ali tong'o, akutchula chilichonse chimene tadutsa: mlatho, chigayo, ng'ombe, mlatho wina. Titapyola pa Migowi anayang'ana amayi nawafunsa ngati dziko likupitirirabe. Amayi anati likupitirira.

Bwalo la pa Boma linali ndi mizere ya laimu yoyera mbee, ndi chimkuzamawu chimene chinkalira mpaka m'mimba. Kunabwera magulu ochokera mbali zosiyanasiyana za boma lathu. Ndinali ndisanaganizepo kuti anthu onga amalume ndi ambiri chotero, ndipo ndikukhulupirira kuti amayinso anali asanaganizepo, chifukwa ankangotembenuka uku ndi uku, akupatsa moni anthu osawadziwa. Tinapatsidwa malaya achikasu obwereka. Amalume anapatsidwanso nsapato, koma ataziyesa anazivula nazipereka kwa amayi kuti asunge.

Mpikisano wathu unali chakumasana. Mtsikana wa nkhope yozungulira ananyamuka mochedwa chifukwa ankabayibitsa amayi ake, moti pofika kwa mnyamata wa sitandade 7 tinali kumbuyo kwa onse. Mnyamatayo anayesetsa, napitirira gulu limodzi. Kenako kamtengo kanalowa m'manja mwa amalume.

Sindinaonenso munthu akuthamanga ngati mmene anathamangira tsiku limenelo. Mutu anauweramitsa, zigongono zikupalasa mphepo, fumbi la laimu likufuka kumapazi. Anapitirira mmodzi, napitirira wina pokhota, ndipo bwalo lonse linaimirira. Ana a kwathu anayamba kukuwa kuti amalume, amalume, ndipo anthu a pa Boma amene sankawadziwa anatengera pomwepo. Anafika kwa ine ali patsogolo pa onse. Kuseri kwanga ndinkamva mahutala a maminibasi pamseu.

Anaima. Anapukuta kamtengo pamalaya achikasu, mbali iyi ndi mbali inayo, osafulumira. Anapinda mawondo, natambasula manja awiri, nati, "Landira, mbumba yanga."

Pamene ndinkalandira, mtsikana wa gulu la ku Migowi anali atandidutsa kale. Ndinathamanga ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndili mkati ndinamva mapazi odziwika pambali panga. Amalume ankandiperekeza kunja kwa mzere, manja ali m'mwamba opanda kanthu, akukuwa mawu osamveka. Mtsikana wa ku Migowi uja sindinampeze. Tinakhala achiwiri. Nditaoloka mzere ndinaima, iwonso anaima pomwepo, nandinyamula mpaka miyendo yanga inalendewera.

Kwa zaka zingapo ndinkawauza anzanga kuti tikanapambana pakanapanda ulemu wa amalume. Lero, pamene inenso ndimajambula mizere Loweruka pabwalo lina ndi ana a anthu ena, sindinenanso choncho. Munthu anaphunzitsidwa kupereka chinthu mwaulemu, ndipo pakati pa phokoso lonse lija sanaiwale.

Anatikoleka nsalu zazing'ono zofiira pachifuwa, natitchula mmodzimmodzi pachimkuzamawu. Tinadya mabanzi ndi thobwa pansi pa mtengo. Pobwerera amalume sanakhale pafupi ndi amayi monga popita. Anakhala kumbuyo kwa lole ndi mnyamata wosayankhula uja, akumufotokozera mpikisano wonse ngati kuti iye kunalibe, mpaka onse awiri anagona atatsamirana.

Masewera sanathere pa Boma. Aphunzitsi anati Loweruka ndi Loweruka basi, kaya kuli mpikisano kaya kulibe. Koma Loweruka lotsatira ine ndinadzuka ndi chimfine, ndipo amayi anati sindituluka. Ndinkaganiza kuti ndiye kuti amalumenso sapita, chifukwa anali asanapiteko popanda ine.

Dzuwa litangotuluka tinamva belu la njinga kunjira. Anali mnyamata wosayankhula uja ndi mkulu wake, ndi ana ena awiri a sukulu atanyamula zitini. Sanalowe pakhomo. Ana a sukulu aja anangoitanira komweko kuti amalume tiyeni, tachedwa. Amalume anatuluka akumanga kabudula, nathamangira kunjira. Sanaime pakhomo kuti abwereze mawu alionse, sanacheukenso. Tinangomva mawu awo akutalikira, akukangana ndi ana aja za amene akhale pagolo.

Ine ndinakwiya kuti andisiya. Ndinakhala pakhonde nditafunda bulangete, milomo ili tolotolo, ndikudikira kuti amayi awaitane abwerere, kapena awatsatire chapatali monga ankachitira nthawi zonse akatuluka ndi anthu ena. Amayi anaima ndi tsache m'manja, akuyang'ana njira yopanda munthu. Kenako anatsamiritsa tsachelo pakhoma, bwalo atangolisesa theka. Anawiritsa tiyi, nadzakhala pambali panga atatambasula miyendo padzuwa, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita mmawa. Ankamwa pang'onopang'ono, akupemerera kapu.

"Wamva?" anatero. "Achita kudzamuitana."

Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinawonjezera kuti si bwino kusiya munthu wodwala. Amayi anaseka, nandisisita pamutu, nathiranso tiyi wina. Ine ndinkangoona kuti ntchito yaima ndipo amayi achita ulesi. Sindikanadziwa kuti chimwalirireni agogo, umenewu unali mmawa woyamba umene mlongo wawo anali kutali ndi maso awo koma iwo osachita mantha. Sindikanadziwanso funso limene mkazi wolera mlongo wotere amayenda nalo kumunda ndi kumjigo, loti ine ndikadzachoka adzamuitana ndani. Ndinali mwana wa chimfine wosiyidwa pakhonde, ndipo chimene chinkandidabwitsa nchakuti tiyi wa tsiku limenelo amayi anathiramo shuga wambiri.